Ndinasaina Kuti Ndilibe M'bale Pakolejipo

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kukwera masitepe a kuntchito? Nanga alamu, mutu uja unawasiya? Kuno m'thupi tili bwino, ana akupita kusukulu, ndipo bambo awo akupereka moni. Koma mtima wanga sukukhala pansi. Kalata ino ndayiyamba kanayi. Ndikumalemba mizere iwiri, n'kuimirira, n'kukasuzumira pawindo la ofesi, n'kubwereranso, ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Munamva pawailesi Lachiwiri kuti khonsolo yathu yaimitsa maphunziro a zoyeza magazi pakoleji pomwe pali mwana wanu wamkazi uja, Kadokotala wathu. Alamu andiuza kuti munazimitsa wailesiyo n'kutuluka panja osavala nsapato. Akuti mwanena kuti muli ndi mlongo wokhala pamipando ikuluikulu amene amaonerera nyumba ya kwawo ikupsa. Sindikutsutsani. Koma imvani zonse kaye, chifukwa zenizeni zake n'zoipa kuposa zimene mukudziwazo.

M'khonsolomo tilimo anthu khumi ndi mmodzi. Ntchito yathu ndi kuona ngati makoleji ndi mayunivesite akuphunzitsadi zimene amalemba pazikwangwani zawo. Tsiku lolowa tinalumbira zinthu ziwiri: kusatulutsa nkhani isanalengezedwe, ndi kunena poyera ngati uli ndi m'bale pasukulu imene ikuunikidwa. Wapampando wathu ndi pulofesa wopuma pantchito. Kumbali timawatchula kuti a Ndondomeko, chifukwa sangatsegule ngakhale botolo la madzi lisanalembedwe pamndandanda wa zokambirana.

Miyezi inayi yapitayo anandisankha kutsogolera gulu la anthu atatu okayendera kolejiyo, poti zoyeza magazi ndi zimene ndaphunzitsa zaka zonsezi. Mlembi anandipatsa fomu ija yofunsa ngati ndili ndi wachibale kumeneko. Achimwene, ndinalemba kuti ndilibe, ndipo ndinasaina.

Ndinadziuza kuti ndikufuna ndikaone ndi maso anga. Limenelo linali bodza loyamba. Mumtima ndinkati zinthu zikakakhala zotsimphina pang'ono, ndikazigwira padzanja kuti ziwoloke, mwana amalize chaka chake chomaliza. Kumbukirani kuti ndine ndinakuuzani kuti m'tumizeni kumeneko. Ndinangoona kabuku kawo ka zithunzi zokongola, osapondako phazi.

Titafika, penti anali asanaume bwinobwino, moti mnzanga wina anadetsa jekete lake pachitseko. M'chipinda choyezera munali mamaikulosikopu makumi awiri, ondandalika ngati akudikira kujambulidwa. Imodzi inali yomangidwa ndi tepi yabuluu pomwe inang'aluka. Ndinaizindikira msanga, chifukwa masabata awiri m'mbuyomo ndinaigwira ndi manja anga pakoleji ina. Anali obwereka onsewo.

Pamndandanda wa aphunzitsi ndinapezapo dzina la mnzanga amene tinam'ika m'manda zaka ziwiri zapitazo. Pamaliro ake ndine ndinawerenga mbiri. Papepala lawo anali akuphunzitsabe Lolemba ndi Lachinayi.

Kenako anatiitanira ophunzira a chaka chomaliza. Kadokotala anakhala mzere wachitatu, atavala kakhoti koyera kooneka kuti kangotuluka kumene m'pepala. Anandiyang'ana kamodzi n'kugwetsa nkhope. Ine ndinachita ngati sindikum'dziwa. Mwana amene ndinam'bereka kumsana!

Mnzanga uja wa jekete anangoloza mwachisawawa, chala n'kugwera pa iye. Anam'patsa kagalasi ka magazi kuti afufuzemo tizilombo ta malungo. Mwanayu anafotokoza zonse monga zilili m'buku, osaphonya liwu. Koma atakhala pamakinawo, anangowagwiragwira uku ndi uku. Anasowa poyatsira nyale yake. Mnzanga anam'funsa kuti wagwiritsa ntchito kangati makina otere. Mwini koleji anali ataimirira pakhomo. Kadokotala anayang'ana ine, osati wofunsayo, n'kunena kuti anayamba kuwaona Lolemba la sabata yomweyo.

Tikutuluka, mwini kolejiyo anandipeza ndili ndekha pakhonde. Akumwetulira, anandiuza kuti mtsikana uja ndi wanzeru ndipo nkhope yake ndi ya azakhali ake ndendende. Anati iye ndi munthu wosunga chinsinsi, bola nawo ena adziwe kusunga zake. Anamaliza ndi kunena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinam'siya pomwepo n'kukakwera galimoto.

Lipoti ndinalilemba loona, osachotsa kanthu. Koma masabata atatu odikira msonkhano wa khonsolo sindinali munthu. Ndinkatsegula kabati n'kuiwala chimene ndikufuna. Ndinkalowa m'kalasi yolakwika. Ndi masiku omwewo munandiimbira muli kwa telala, mukufunsa ngati suti yotuwa ingakhale bwino tsiku limene mwana adzalandire digiri. Ndinakuuzani kuti yotuwa ili bwino. Lumbiro la za m'bale ndinaliswa mosavuta, koma la kusatulutsa nkhanili ndinaligwiritsitsa pamaso pa mlongo wanga. Mpaka lero sindikudziwa ngati unali ulemu pantchito kapena mantha chabe.

Tsiku la msonkhano a Ndondomeko anafunsa monga mwa nthawi zonse ngati alipo wokhudzidwa ndi nkhani ya tsikulo. Ndinayang'ana patebulo. Mlembi anawerenga lipoti lonse, anthu akupukusa mitu. Atati tsopano tivote, ndinapezeka ndaimirira. Ndinawauza kuti pakolejipo pali mwana wa mlongo wanga, kuti ndinadziwa kuyambira pachiyambi, ndiponso kuti mwini koleji akudziwa.

A Ndondomeko anavula magalasi n'kuwaika pamapepala. Sanakweze mawu. Anauza mlembi kuti alembe zimene ndanenazo liwu ndi liwu, kenako anandipempha kuti ndituluke. Ndinakhala pabenchi pafupi ndi makina okopera mapepala pafupifupi ola lathunthu, ndikuimirira, ndikukhala, ndikuwerenga matailosi.

Atandiitanira mu ofesi mwawo, anandiuza kuti kukhala ndi m'bale si mlandu, aliyense patebulo paja ali ndi abale. Mlandu wanga unali woti ndinadziika ndekha kukhala woweruza ngati ubalewo uli ndi kanthu kapena ayi, pomwe woweruza ndi khonsolo yonse. Anati lipoti langa ndi loona, iwo sakukayika, koma tsopano ladetsedwa, ndipo loya aliyense angaligwetse m'khoti m'mawa umodzi. Ndinayesa kunena kuti ndinkaganizira mwana. Anandiyankha kuti odwala amene magazi awo akanadzayezedwa ndi ana amenewa nawonso ndi ana a anthu, kungoti alibe azakhali m'khonsolo.

Anatumiza gulu lina, ulendo uno mosadziwitsa. Anakapeza chipinda chija chili mbee, muli mabenchi okha ndi bolodi. Koma zimenezi zinatenga miyezi iwiri, ndipo m'miyezi imeneyo kolejiyo inalemba ophunzira atsopano makumi asanu ndi limodzi. Ndikanakana ulendo uja poyamba, anawo sakanalowamo. Nkhope zawo sindikuzidziwa, koma sizikundichoka m'mutu.

Panopa andiimitsa kaye kumisonkhano. Lachisanu likudzali ndikaonekera kukomiti yosunga mwambo, ndipo mwina pampando paja ndichokapo. Sindikudandaula zimenezo. Madzi akatayika saoleka.

Komabe a Ndondomeko omwewo, amene sanandichitire chifundo ngakhale pang'ono, ndi amene anakana kuti nkhani ithere potseka sukulu. Mlembi wandiuza kuti ena ankafuna kuvota n'kumapita, koma iwo anati palibe adzuke asanagwirizane kopita anawo. Ndiye zalengezedwa kuti onse alemba mayeso pa 20, ndipo okhoza awagawa m'makoleji ovomerezeka. A chaka chomaliza abwerera m'mbuyo zaka ziwiri.

Apa ndiye pali pempho langa. Alamu akuti mwalumbira kuti za sukulu zatha, mwanayo azikhala m'sitolo ya amayi ake. Akutinso mwanayo sakutuluka m'chipinda, chifukwa anzake akum'tumizira mauthenga omunena kuti ndiye anawagulitsa. Achimwene, tsiku lija m'chipinda muja munali akuluakulu a madigiri awiriawiri, ine ndemwe, koma amene ananena zoona osayamba wawerengera zotsatira zake ndi mwana wanu. Musam'lange chifukwa cha kulakwa kwa azakhali ake.

M'tumizeni kuno. Ndalembera akulu a payunivesite yathu ndi khonsolo yomwe, kuwadziwitsa kuti ndi mwana wa mlongo wanga, kuti ndikufuna ndizim'phunzitsa Loweruka pamakina enieni, ndiponso kuti mayeso akewo sindidzawayandikira. Avomera. Mutu ali nawo, chimene anam'mana ndi manja, ndipo manja amaphunzira msanga.

Sindikupempha kuti munene kuti ndinachita bwino. Zina ndinalakwa, ndipo ndazilemba zonse kuti musazimve kwa ena. Mukwiye nane mmene mungafunire, mwina mpaka chaka. Koma Lachinayi m'kwezeni basi yam'mawa. Ine kuyambira masana ndidzakhala ndili padepoti, ndikuyang'ana aliyense wotsika, kaya iye alimo kaya mulibe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze kuti sanandibisire mawu anu. Mupatsenso moni amalume ndi ana onse. Kadokotala mumuuze kuti azakhali ake anam'ona tsiku lija, ngakhale anachita ngati sakum'dziwa. Mulungu akusungeni, ndipo akufewetseni mtima.

Ndine mlongo wanu,
wotsatana nanu.