Mtsikana wa M'filimu ya Valter

Lachisanu, 3 Okutobala

Mayo ine! Filimu ya Valter yapata mphoto kunja. Valter yemwe uja, chibwenzi changa chakale, mwana wa makaniko. Amayi anamupirikitsa pano chifukwa chowapsompsona masaya onse awiri popereka moni. Kwathu ndi tsaya limodzi basi. "Opsompsona kawiri salowa m'banja muno," anatero.

Akuti filimuyo ndi yoseketsa, ya mnyamata wosauka ndi mwana wa mabwana a kuno ku Cascais. Ukwati wanga ndi Lourenço mu Disembala. Mtima uli m'mwamba.

Lamlungu, 5 Okutobala

Ndakaionera ndekha, mpando wakumbuyo. Holo yonse kuseka mpaka misozi. Ine ayi. Nyumba ngati yathu, agalu ngati athu, ngakhale chipewa cha Amayi! Mtsikanayo ndine, ndani winanso? Kumapeto mnyamata akumudikira pasiteshoni, sitima kubwera, kupita. Kani akundidikirabe?

Lachitatu, 8 Okutobala

Abale inu, Amayi aionera kawiri. Akuti mayi wonyada wa m'filimuyo ndi Azakhali a Pilar enieni. Amuitana Valter kudzadya Loweruka. "Ndinkadziwa ine kuti mwana uja ali ndi mutu." Manyazi alibe! Mng'ono wanga Carminho akukana kukaonera. Nsanje basi.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndabweza mphete. Lourenço anangoti, "Chifukwa cha filimu, Benedita? Filimu?" Analira, munthu wamkulumkulu. Chisoni chinandigwira, koma ndachita. Amayi sakudziwa. Mawa Valter.

Lolemba, 13 Okutobala



Anabwera. Moni wake kwa ine, ngati wa munthu wokumana naye m'basi. Tikudya, Azakhali anamufunsa kumene anazitenga zoti mtsikana ankabisa nsapato m'piyano n'kutulukira pazenera. Ine ndinkaziyesa zopeka. Sindinatulukirepo pazenera ine.

Carminho anaika foloko pansi. "Nsapatozo zinali zanga. Ndipo kusiteshoni ndinabwera, iwe Valter. Unali utachoka."

Valter dzambatu, mpando kugwa. Amayi kukamwa yasa. Awiriwo anatuluka limodzi, keke isanafike patebulo. Mng'ono wanga weniweni! Iye akutulukira pazenera masiku amenewo, ine ndili m'tulo m'chipinda chinacho.

Ndagwa chagada. Manyazi, mkwiyo, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Lero ndaimba foni kwa Lourenço. Ayankha ndi amayi ake, mwaulemu kwambiri, mayi amene anandisankhira okha nsalu ya diresi la ukwati. Nditatchula dzina langa, angofunsa kuti:

"Benedita wake uti?"