Dayisi ya Pansi pa Kabati

Lachiwiri, 3 Juni

Dandaulo. Lochokera kwa ine, lopita kwa ine ndemwe, popeza m'nyumba muno mulibe wina woyenera kulilandira.

Ndikulemba mwaulemu, koma ndi mkwiyo wokwanira, kuti lero m'mawa, madzi a tiyi asanawire, munthu wina wozula anzake mano anandiimbira foni n'kunditchula kuti "Wansembe". Ine, mayi wa zaka 48. Wa digiri. Mkulu wa ofesi yolandira madandaulo, wokhala ndi chidindo changachanga. Dzina limeneli ndinalikwirira zaka 23 zapitazo, ndipo sindikukumbuka kuti ndinasainira aliyense chilolezo cholifukula.

Wamano sanasinthe. Kuseka chiganizo chisanathe. Akuti Mwinibuku, mnzathu wotsogolera masewera athu akale aja, anagwidwa ndi sitiroko mwezi wa Malichi. Ine kumva lero, mu Juni. Mkono wamanja sukugwira, mawu akutuluka amodziamodzi. Mwana wake wamkazi akumutenga kukakhala naye kutali. Nyumba yagulitsidwa. Loweruka kulongedza katundu, akuti ndibwere. "Usaope, sitikuphanso."

Ndinati ndiona. Tiyi ndamwa wozizira.

Lachinayi, 5 Juni

Madandaulo khumi ndi anayi. Atatu okhudza mpando umodzi womwewo wa m'chipinda chodikirira. Basi yakweranso mtengo.

Mwana wanga waimba masana. Ndinalakwa kumutchulira za Wamano. Wafunsa kuti masewera ake anali otani. Ndayesa. Tebulo, anthu anayi. Mmodzi ali ndi buku, ndiye amafotokoza dziko lonse: misewu, mvula, adani, amene wabisala kuseri kwa chitseko. Enafe aliyense ndi munthu wake wa m'nkhanimo, wolembedwa papepala. Ukafuna kuchita choopsa, uponye dayisi ya mbali makumi awiri. Ikagwa 20 wapambana mochititsa kaso. Ikagwa 1 yamba kulira. Iye: "Ndiye amayi, anthu a ku yunivesite, kumangonamizana pa tebulo?" Inde mwanawe. Loweruka lililonse masana, zaka zinayi, ndipo sindinakhalepo wosangalala chotero pa ukwati wa munthu aliyense, kuphatikizapo wanga.

Nkhani yake inali ya milungu. Inachoka padziko kalekale chifukwa chotopa ndi madandaulo a anthu. Nthawi imeneyo ndinkaiona ngati yankhanza, lero ndimaimvetsa. Akachisi anasanduka mosungira matumba. Kenako zizindikiro: mabelu kulira okha, zitsime zouma kudzaza. Milungu ikubwerera, ndipo ife atatu ndife tikaitsegulire njira. Wamano anali chimphona chopusa, sankafunika kuyeserera. Malemu Kandulo anali wakuba waulemu, wopepesa asanabe. Ine wansembe wa kamulungu kakang'ono kuposa yonse, ka zinthu zotayika. Kopanda kachisi. Kabokosi basi, kodzaza mabatani ndi makiyi osadziwika khomo.

Pabalaza pa amayi ake a Mwinibuku. Nsalu ya pulasitiki ya maluwa ofiira, yopsa pakona imodzi pomwe Kandulo anaika ketulo. Kabati yaikulu ya mbale zagalasi zomwe palibe anadyerapo. Mayiwo kudutsa ndi tsache n'kumati, "Ana ophunzira inu, mwapha angati lero?"

Tsiku lija ndilembe, mwina lindichoke. Mlatho womaliza, chipata cha milungu chili tsidya. Ndinaponya. Dayisi inagunda kapu ya Kandulo, kugwa, kugubuduka, kulowa pansi pa kabati. Lamulo la tebulo lathu: dayisi imawerengedwa pomwe yagona, osaikhudza, ndipo ya pansi amawerenga ndi Mwinibuku yekha. Anagona chafufumimba ndi tochi. Anadzuka, kusasa malaya. "Imodzi." Wansembe wanga anagwera m'phompho. Zaka zinayi ndikumulera ngati mwana.

Ndinanyamula chikwama. Ndinamuuza Mwinibuku kuti ndi kamunthu kochepa komwe kamakhala mulungu Loweruka lokha. Iye anangoti, "Ubwere Loweruka." Sindinapite. Anatumiza kakalata kawiri, mawu omwewo awiri. Kenako ntchito, banja, matewera, kusudzulana. Pa maliro a Kandulo tinapatsana moni ngati anthu okumana pa mzere wa kuchipatala.

Dayisiyo sinatulukenso. Kabati yolemera, ndipo mayi aja akanatidula manja.

Loweruka, 7 Juni

Ndinapita. Kukathandiza kulongedza basi, zilembedwe choncho.

Geti lomwe lija, lofuna kulikweza pang'ono kuti litseguke. Dzanja langa linakumbuka lokha. Zinandinyansa.

Mwinibuku pampando pafupi ndi zenera, bulangete pamiyendo, dzanja lamanja lili pa ntchafu ngati la munthu wina. Imvi. Wachepa. Munthu amene ankatulutsa mawu a mfumu, a nkhalamba ndi a chinjoka pa mpweya umodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakonzeka kumva chipepeso, ndinali nditakonzanso yankho lake m'basi, la ndime zitatu. Iye: "Wa... chedwa." Mwana wake anaseka, osadziwa kanthu. "Anti, musawamvere, aliyense akumuuza choncho."

Makatoni. Nyuzipepala zokulungira makapu. Mbale zagalasi zija ndazikulunga ndi manja anga, zikadali zosadyerapo, mwini wake ali kumanda zaka khumi. Wamano wanenepa, ananyamula katoni imodzi n'kuyamba kufotokoza za msana wake.

Masana anabwera amuna awiri onyamula katundu. Kabati inalira ngati ng'ombe, inasuntha. Pansi pake fumbi lokhuthala ngati bulangete, chipeso, khobidi lakale losagwiranso ntchito, ndi iyo. Yobiriwira. Pakona penipeni.

Wamano anati, "Osaikhudza." Anthu awiri a imvi kugwada pansi, onyamula katundu akutiyang'ana. Ndinauzira fumbi pang'onopang'ono.

Makumi awiri.

Ndinayang'ana kuzenera. Iye anali akuyang'ana panja, ngati kuli chinachake chofunika kwambiri pa chingwe choyanikira zovala. Ndinatola dayisi, kuika m'chikwama, kutsanzika mwana wake yekha.

Lamlungu, 8 Juni

Sindinagwe. Ndinawoloka mlatho uja. Ndinawoloka mochititsa kaso, ndipo munthu anagona pamimba ndi tochi, kuona 20 ndi maso ake, kudzuka n'kundinamiza pamaso pa mboni ziwiri.

Ndachapa makatani osada. Ndakolopa kawiri.

Ndimafuna kukwiya ndipo ndikukwiyadi, koma chikundibwerera ndi china. Kandulo akunong'oneza dayisi asanaponye. Fungo la mvula pa khonde lija. Mwinibuku akutseka buku, ife kumuchonderera kuti atiuzeko pang'ono za mlungu wamawa, iye n'kumati, "Mwinibuku saulula za kutsogolo." Ngakhale umugulire chakumwa. Ngakhale Wamano amukhalire pamsana, zomwe zinachitikadi.

Tinali anayi. Ndinkaganiza kuti anthu otere amapezeka paliponse, ngati mabasi, ukaphonya ina ikubwera.

Lachitatu, 11 Juni

Mwana wa Mwinibuku wabwera ku ofesi. Anatenga nambala n'kudikira pa mzere ngati wodandaula aliyense, pa mpando woipa uja. Waleredwa bwino. M'manja envelopu yaikulu. "Adadi akuti ichi n'cha Wansembe. Akuti tsamba lopindidwa. Atenga m'mawa wonse kuti anene zimenezi, ndiye chonde anti, muwerenge."

Buku lija. Chikuto chakuda, msana womata ndi tepi. Zaka zinayi ndinkalakalaka kulisuzumira, lero lili pa desiki panga pakati pa chidindo ndi kapu. Ndinatseka chitseko, kuuza mlembi kuti ndili pa msonkhano.

Inki yabuluu, zilembo zake zopendekera zija. Deti lake ndi la masiku atatu tsiku la mlatho lisanafike. Walemba kuti Wansembe ayenera kugwa pa mlatho, dayisi igwe mulimonse. Mulungu wa zotayika sangabwerere asanatayike iye mwini, ndipo wakhala akuyenda nafe nthawi yonseyi osadzidziwa: ndi Wansembe yemweyo. Loweruka lotsatira, chimphona ndi wakuba ali pa chipata akulira, chitseko chitseguke, woyamba mwa milungu yonse kulowa akhale iyeyo. M'munsi, mzere wodulidwa kawiri: "Osamuuza. Ndikufuna ndione nkhope yake."

Masamba otsatira oyera. Onse, mpaka kuchikuto.

Ndaimbira Wamano. Sankadziwa. Akuti anakumana Loweruka katatu ine nditachoka. Mwinibuku ankakonza mipando inayi, kutsegula buku, kuyang'ana kuchitseko, kenako n'kutseka. Akamufunsa, yankho limodzi: "Milungu sinafike." Kandulo anatopa n'kuyamba kupita ku mpira.

Ndiye dziko lonse lija, mizinda yake, mabelu ake, anthu ake osauka odikira pa akachisi, lakhala chiimire zaka 23 chifukwa mulungu wake ananyanyala n'kukwera basi.

Mbuli ziwiri za madigiri. Wina sakanatha kulemba mawu achitatu pa kakalata chifukwa lamulo la masewera silimulola. Wina sakanatha kuyenda mtunda wa mphindi makumi awiri chifukwa anali wolakwiridwa. Dandaulo lotere likanabwera pa desiki panga ndikanalibweza, n'kulembapo kuti onse awiri akapimidwe mitu.

Ndalira pang'ono. Mlembi akuganiza kuti ndi chimfine.

Lachisanu, 13 Juni

Mwinibuku ndi mwana wake anyamuka Lamlungu m'mawa. Wamano akuti m'nyumba mwatsala tebulo ndi mipando, ogula adzatenga Lolemba. Akuti mawa 3 koloko tisewerenso. Ndati ndili ndi zochapa. "Makatani omwe aja?" Sindikudziwa anamuuza ndani.

Choopa changa n'chiyani kwenikweni. Kuti Mwinibuku sadzatha kuyankhula, ife n'kumangomuyang'ana. Kuti adzatha. Kuti ndikapepesa ndiye kuti zaka zonsezi zinalidi zanga zotaya.

Pepala la Wansembe ndalipeza. Mu envelopu ya satifiketi ya digiri, kumbuyo kwake. Munthu amene anakwirira dzina. Ndasita bulauzi.

Loweruka, 14 Juni

Ndinafika 3 koloko yeniyeni. Mwana wake anandiimitsa pakhonde. "Akuti mudikire panja mpaka akuitaneni." Ine, ndi nsapato zanga zabwino, kuima pakhonde ngati wogulitsa matsache.

Zenera linali lotsegula. Ndinkamva. Mawu amodziamodzi, ena okhota, pakati pake mpata woti munthu n'kuthira tiyi. Chipata. Mphepo. Chimphona chagwada. Wamano akulira mokokomeza monga kale, kenako ndinazindikira kuti sakukokomeza. Zomwe kale zikanatenga mphindi imodzi zinatenga khumi ndi zisanu, ndipo palibe anamuthandiza kumaliza liwu ngakhale limodzi. Kenako: "Chitseko... chi... tseguka."

Ndinalowa. Pabalaza popanda kanthu, pakhoma chizindikiro choyera pomwe panali kabati. Nsalu ya maluwa ofiira, pakona popsa. Mipando inayi. Pa wa Kandulo anaikapo kapu.

Nkhope yanga waiona. Akuti sinali yoyenera kuidikira zaka 23. Chiganizo chimenechi chinatuluka chonse, chosakhota, ndipo ndikukayika za sitiroko imeneyi.

Anafunsa kuti mulungu wa zotayika, pobwerera, abweza chiyani choyamba. Ndinali nditakonza zanzeru. Pakamwa panatuluka zina. Ndinati wakuba waulemu uja, abwere adzakhale pampando wake. Mwinibuku anati ndiponye. Ndinatulutsa yobiriwira ija. Inagubuduka, kuima pakati pa tebulo, poyera, tonse tikuona. Zitatu.

Anawerama, kuiyang'anitsitsa. "Makumi... awiri."

Wamano anatsegula pakamwa, ndinamuponda phazi. Ndipo kwa ola limodzi Kandulo anali nafe, Wamano akumuyankhulira, kupepesa kwa milungu isanabedwe zibangili. Milungu ina inalowa pambuyo panga, umodziumodzi, monga mwa mphamvu za wofotokoza. Sitinamalize. Anatopa, mwana wake anabweretsa mankhwala. Potsanzikana ndinagwira dzanja lakufalo, lofunda bwinobwino. Ndinati paja ndinakutcha kamunthu kochepa. Iye: "Loweruka... lokha." Kupepesa kwathu kunathera pomwepo.

Buku wandisiyira. Akuti dzanja lolemba alibe, masamba oyerawo ndilembe ine, iye azinena.

Choncho, dandaulo lomaliza, lopita kwa Mwinibuku, kope kwa Wamano. Popeza zatsimikizika kuti wodandaula anaphedwa mwachinyengo, ndiponso kuti anali mulungu popanda kudziwitsidwa, zomwe zinamulepheretsa kusangalala ndi udindo wake, wodandaula akufuna chipukuta misozi motere. Kachisi mmodzi wa zipata zinayi, wokhala ndi mipando yabwino m'chipinda chodikirira. Chimphona chimodzi chomunyamulira chikwama. Ndiponso masiku a Loweruka 1,196 omwe anabedwa, abwezedwe onse, limodzilimodzi, pa foni, 3 koloko masana, kuyambira mlungu wamawa. Wolakwa saloledwa kudwalanso, kutopa, kapena kumwalira asanamalize kubweza. Akayerekeza, apilo yake idzamvedwa ndi ine.

Ndadinda chidindo. Dayisi sindibweza.