Mayeso Anga ndi Chiliza cha Amayi

Limbe, Blantyre

Achimwene Wilson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Nathenje pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha Luka chija chinatha? Ine thupi lili bwino koma mtima ayi, n'chifukwa chake ndasankha kulemba papepala. Pa foni mumangoti mwamva, kenako n'kuyamba nkhani ya feteleza.

Kuno ntchito ndi yomwe ija, kushopu yogulitsa malata ndi simenti. Ndimalowa m'mawa n'kuweruka dzuwa litalowa, miyendo itatupa ndi kuimirira. Digiri yanga ya bizinesi ndimaphunzira pa intaneti, mu minibasi, pa nkhomaliro, ndi Lamulungu ndikachokera kutchalitchi. Magetsi akathima ndimanyamula laputopu kupita kumalo ometera tsitsi komwe kuli jenereta. Anzanga akandipeza ndikuwerenga kuseri kwa malata amandipatsa moni wa abwana manijala, n'kumaseka. Awo sandipweteka, si abale anga.

Uthenga wanu ndalandira, woti amalume a Esau aika mwambo wovundukula chiliza cha amayi pa Loweruka lomaliza la mwezi wamawa. Limenelo ndi tsiku la mayeso anga. Amalume akudziwa bwino, pakuti ndinawauza ndi pakamwa panga Pasaka isanafike.

Mwina mwaiwala chifukwa chimene ndikulemberanso mayeso amenewa. Ine sindinaiwale. Chaka chatha titaika amayi, mayeso anagwera tsiku la m'meto, ndipo a sukulu anakana kundisinthira. Ndinakupemphani chipinda chanu, n'kufotokoza pamaso pa abale onse kuti kamera ya laputopu imakhala ikundiyang'ana, ndipo pakangooneka munthu wachiwiri amati ndikubera. Onse anagwedeza mutu ngati amva.

Ndili pakati polemba, chitseko chinatseguka. Amayi aang'ono a Idesi analowa sizasi ili m'manja. Anati abale onse ameta, kwatsala ine ndekha, ndipo maliro sadikira foni. Ndinawalozera chitseko kuti atuluke, iwo n'kuwerama paphewa panga kuti aone chimene chikundichedwetsa. Ataona nkhope yawo pagalasi la laputopu anaseka, n'kuyamba kukonza duku lawo. Kenako anavula langa n'kundidula tsitsi pamphumi, ndili pampando pomwepo. Inu munali pakhonde, munawaona akulowa.

A sukulu anandilembera kuti ndinathandizidwa ndi munthu. Ndinafotokoza za maliro, ndinafotokoza za mwambo wathu, ndinalira mpaka pa foni kwa munthu yemwe sindidzamuona nkhope. Anati lamulo ndi lamulo, koma andipatsa mwayi umodzi wotsiriza. Ndikauphonya andichotsa sukulu, zaka zonse ndavutikazi zipite m'madzi. Palibe ndi mmodzi yemwe kumudziko amene anandipepesa. Chimene ndinamva n'chakuti amayi aang'ono amauza anthu kuchigayo kuti Tiyanjane ankaonera kanema pa maliro a mayi ake.

Choncho musandiuze zobwera ndi laputopu kudzalembera kumudzi. Ndinayesa kale.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti tsiku la chilizali lasunthidwa kale kawiri. Poyamba anati fodya wa amalume sanagulitsidwe ku Kanengo, tinadikira. Kenako anati kwaya ya amayi ili ndi ulendo wa ku Nkhoma, tinadikiranso. Ine nditaimba foni kupempha sabata imodzi yokha, amalume anandiyankha kuti sukulu ya pa foni ilibe belu, nditha kulemba ngakhale Lamulungu. Anaonjezera kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndisankhe chimodzi pakati pa ntchito ndi sukulu ngati ana a anthu ena. Ndinafuna kuwafunsa kuti ndikasiya ntchito adzandidyetsa ndani, koma ndinaluma lilime, ndi amalume.

Mwana wawo Innocent ankaphunzira ku Bunda, mukukumbukira. Akabwera kudzawerenga pa tchuthi, ana ankathamangitsidwa pabwalo, ngakhale wailesi sinkalira. Sukulu yakeyo inali ndi geti ndi basi yolembedwa dzina, ndiye inali sukulu. Yanga poti sioneka ndi maso, mwaiyesa masewera. Amayi okha, amene sankatha kulemba dzina lawo, ndi amene ankandifunsa kuti mayeso ayenda bwanji, n'kundiuza kuti ndidye kaye ndisanawerenge.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Mitundu mukatenge abambo, mupite nawo kwa amalume. Ndikudziwa kuti chibwerereni kwawo abambo sakonda kulankhula za mudzi wa eni, koma chilizacho n'cha mkazi wawo, ndipo ine ndine mwana wawo. Mukapemphe sabata imodzi yokha. Chiliza n'cha simenti, sichivunda. Ndipo inuyo achimwene mukalankhule ngati mwamuna, osati kukhala pansi n'kumatokosa dothi ndi kamtengo ngati mmene mumachitira amalume akakweza mawu.

Akakana, ndikuuziretu tsopano kuti musadzati ndinakubisirani: ine ndidzakhala kuno, nditakhoma chitseko, ndikulemba mayeso. Ndalira nazo zimenezi ndisanalembe, pakuti mwana wamkazi wa amayi ndine ndekha, ndipo nsalu ya pachiliza ndimafuna kuichotsa ndi manja anga. Koma abusa akadzafunsa kuti mwana wamkazi ali kuti, musadzanene kuti ndadwala kapena abwana andikaniza. Mudzanene zoona pamanda pomwepo, kuti ndinapempha sabata imodzi ndipo abale anga anandimana.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti asamapalase njinga padzuwa. Moni kwa alamu a Masozi, kwa Luka ndi Sophie, ndi kwa agogo ku Diamphwe. Amalume ndi amayi aang'ono muwapatsenso moni, ndinaleredwa bwino. Yankho lanu mupatse dalaivala yemwe wakubweretserani kalatayi, amadutsa pa Nathenje sabata iliyonse. Akabwera chimanjamanja ndidzadziwa, ndipo kwa amayi ndidzapita ndekha tsiku lina, popanda kwaya ndi popanda wondiperekeza.

Ndatha ine mlongo wanu,

Tiyanjane