Chigamba cha Ulusi Wobiriwira

Mwanza Boma,
18 Juni, 2024.

Okondedwa achemwali a Liness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu chafika ndi mphamvu chaka chino. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati zakale pamene foni ndili nayo. Masiku ano alamu anu a Jailosi aphunzira kutola foni yanga, ati akuona nthawi, chonsecho wotchi ili pamkono. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki yemwe anabweretsa katundu wanu uja.

Felemu yosokera maduveti munanditumizira ija ikugwira ntchito, Mulungu akudalitseni. Ndinaimanga patebulo lodyera, moti tsopano timadyera pakona ngati alendo. Poyamba inandizunza kwabasi. Nsalu yapansi ndinkaikulunga mokhota pa paipi yake, duveti n'kutuluka ndi makwinya okhaokha. Pano dzanja lazolowera. Ndimabaya mapini kuyambira pakati kupita m'mbali, kenako ndimayala faiba, thonje la m'kati lija, nsalu yapamwamba n'kuikulunga pa paipi ina. Makina amayenda okha panjanji zake, ine kwanga n'kuwongolera. Mzere ukatha ndimapukusa mapaipi kuti nsalu ina ibwere. Chomwe simunandiuze n'chakuti chigamba chilichonse chimadutsa pansi pa mphuno yako, ufune usafune.

Achemwali, nkhani yomwe ndalembera si ya felemu ayi. Ndikuona ngati banja langa likutha.

Lachitatu lapitali alamu anu anabwera kuchokera kuboda ndi jumbo yomanga mfundo yolimba. Anati, "Ndakupezerani kasitomala, mayi wina wa ku Zobue, tsidya la boda ku Mozambique. Zigamba walumikiza kale yekha, inu mungoikamo faiba n'kusoka."

Ndinafunsa dzina lake. Anati, "Aa, ndi dona winawake basi, ndimamuthandiza mapepala a katundu. Wamva kuti felemu yotereyi ku Mwanza kuno ili kwa inu nokha."

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikusoka m'nyumba muno, bambowa sanandipezerepo kasitomala ngakhale wa batani. Atapita ndinadula mfundo ija ndi sizasi, chifukwa inali yosamasulika, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo sanasuzumiremo. Mkati munali kansalu ka duveti ya mwana wakhanda. Inu mukudziwa mmene zinthu za ana zimandipwetekera mumtima, ine amene sindinaberekepo kumbuyo. Koma ntchito ndi ntchito. Ndinakakulunga pa felemu mwachangu osafuna kukayang'anitsitsa.

Mzere woyamba ndinasoka bwino, wachiwirinso chimodzimodzi. Nditapukusa kuti ndiyambe wachitatu, singano inagunda polimba n'kuthyoka. Ndinawerama kuti ndione chavuta n'chiyani. Chinali chigamba cha nsalu ya mabokosi abuluu, chodulidwa pomwe panali thumba la shati, ndipo pakona pa thumbalo panali posoka ndi ulusi wobiriwira.

Ndinachizindikira pomwepo. Shati imeneyo ndinasoka ndine, alamu anu anavala pa chinkhoswe cha Tiyese, mwana wa amalume uja. Thumba litang'ambika ndinalisoka ndi ulusi wobiriwira chifukwa wabuluu unali utatha, ndipo anandinena sabata yathunthu kuti ndawachititsa manyazi. Makina anga akale aja ankadumpha msoko uliwonse wachisanu. Ndinawerenga ndi nsonga ya pini, achemwali, wachisanu wodumpha, wakhumi wodumpha. Shatiyi anandiuza chaka chatha kuti inabedwa pachingwe ku lojii ku Tete.

Ndiuzeni inuyo, shati yobedwa ku Tete imafika bwanji m'duveti ya mwana ku Zobue, mwini wake yemweyo n'kukhala wonyamula? Ndipo mkazi wanzeru zake angadule chigamba pathumba, polimba, nsalu yosalala ya kumsana ilipo? Mayiyu wachita dala. Akufuna ndimudziwe.

Ndinasiya felemu momwemo, chigamba chili pakati penipeni, mpaka Lamlungu titabwera kutchalitchi. Akudya pakona pawo paja anafunsa, "Ntchito ya kasitomala uja yaima bwanji?"

Ndinati, "Singano inathyoka. Taonani pomwe inathyokera."

Anadzuka, anayang'ana. Dzanja linayamba kupita pachigamba paja koma linabwerera panjira. Kenako anaseka kuseka kopanda mano, n'kunena kuti, "Nsalu zimafanana, mayi. Kaunjika ngwambiri masiku ano."

Ndinati, "Bambo, ine ndanena kuti ikufanana ndi chiyani?"

Anakasamba m'manja chakudya chili pakati, n'kutuluka, ati akukaona thiraki ina yomwe yavuta mapepala. Lamlungu masana. Pobwera anandigulira chitenje, chinthu chomwe amachita pa Khirisimasi pokha, ndipo dzulo anati ngati kaduveti kaja kakundivuta ndingokabweza. Ndinati sikakundivuta.

Ndikuululireni choipa changa. Atatuluka tsiku lija ndinatenga sizasi kuti ndidule kaduveti kaja pakati, ndipo ndinaima nayo nthawi yaitali. Ndinali ndi ukali, achemwali, komanso nsanje yomwe sindinkadziwa kuti ndili nayo. Koma ndinaganiza za kamwanako m'chisanu chino. Ikoko kalakwa chiyani? Ndinaika singano yatsopano. Ndasoka timasamba duveti yonse, ndipo chigamba chija ndachizungulira kawiri ndi ulusi wobiriwira kuti wina asadzati sindinachione. Sindinasokepo chinthu chokongola chotere chiyambire, ndipo zimenezo n'zomwe zikundiliza.

Loweruka ndikapereka ndekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa jumbo paja panali dzina la golosale ya ku Zobue, ndiyambira pamenepo kufunsa za mayi yemwe wangochira kumene kapena ali pafupi. Alamu anu akuganiza kuti adzanyamula okha Lolemba. Mwina ndikapeza kuti ndikunamizira munthu wosalakwa, ndipo ndikatero ndidzagwada n'kupepesa. Koma ngati mwanayo wabadwa, ndikamunyamula m'manja, ndikamuyang'ane makutu, poti a kwa a Jailosi makutu awo sabisika.

Chonde musawauze amayi, BP yawo mukuidziwa. Amalumenso adikire kaye, ndidzawaitana ndekha monga ankhoswe ndikaona ndi maso anga.

Pomaliza ndili ndi kapempho. Munanena kuti felemuyi imamasuka yonse n'kukwana m'katoni yomwe inabweramo. Katoniyo ndinasunga, ili pansi pa bedi. Mundilembere kuti ndiyambire mbali iti pomasula, komanso ngati munthu mmodzi angathe kuinyamula pamodzi ndi makina mpaka pa siteji ya minibasi. Yankho mupatsire dalaivala yemweyu, osati pafoni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwafungatire m'malo mwanga. Kuchokera kuno moni ndi wanga ndekha.

Ndine mng'ono wanu,
Esime.