Chigoli Chimene Domingo Anakana

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ine Rozina wanu ndilipo, kungoti miyendo yayamba kumatupa ndikakhala tsiku lonse pa boda, monga inkachitira yanu. Ndakhala pansi pa mtengo wa manachesi uja munabzala kuseri kwa khitchini, ndipo ndati lero ndikuuzeni zonse, zokoma ndi zina zimene zikundisowetsa mtendere.

Ndiyambe ndi zokoma, poti inu simunkafuna munthu wolowa pakhomo ndi madandaulo asanapereke moni. Mdzukulu wanu Tereza anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Luwiza, ndipo kakayang'ana munthu kamakwinya chipumi ngati mmene munkachitira inu wina akamakunamizani. Mtedza chaka chino wachita, chimanga ndiye cha apo ndi apo. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, koma mmodzi anadyedwa ndi galu, ngakhale ine galu ameneyo ndikumukayikira kuti amayenda ndi miyendo iwiri. Manachesi ndikugulitsabe pamalo panu pomwe paja, moyang'anizana ndi pamene pamaima mathiraki.

Njerwa za chiliza chanu tinawotcha, simenti ilipo. Chatsala ndi mawu anu aja. Muli gone m'chipatala munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pa chiliza changa mlongo wanga Furansisiko adzakhalepo. Akamutenge ndi Domingo, ndi miyendo yake, asatume munthu." Sindinaiwale. Amalume ali moyo kutsidya kuja, kupitirira Zobue pang'ono, maso okha ndiwo achita chidima. Vuto ndi mwana wanu Domingo, ndipo nkhani yake ndi imene yandikhazika pansi pano.

Mukutisiya n'kuti akuimbira mpira ku Blantyre, inu n'kumamuseka kuti, "Anzako akuthamangira mpira, iwe ukuthamangira anthu othamangira mpira." Lero wenzulo ija ikumukweza ndege, Amayi. Akumamuitana kukaimbira mipira ikuluikulu kunja, ife n'kumamuona pa kanema atavala zachikasu, nkhope ili gwa ngati sanasekepo chibadwire.

Koma mpira wake si uja munkaudziwa inu. Kunabwera chinthu china akuti VAR. Kuli anthu amakhala m'kachipinda kwinakwake, bwalo lonse osawaona, ali ndi makanema awo. Woimbira akagamula, iwo amamunong'oneza m'khutu kuti taima kaye. Iye amajambula bokosi m'malere ndi zala, n'kuthamangira pa kakanema kali m'mbali mwa bwalo, kukaonanso zimene waona kale ndi maso ake. Akuti n'cholinga choti chilungamo chizioneka. Ine chimvere zimenezi mtima wanga sunakhazikike. Ife tikayambana tili ana, wina n'kubwera kudzakunong'onezani, inu munkati, "Amene ali ndi mawu abwere pano, ndimuone m'maso." Nanga awa a m'kachipindawa amawaona m'maso ndani?

Tsono mwezi wathawu anamupatsa mpira wa timu ina ya kwanu ku Mozambique, ikusewera ndi timu ya dziko lina. Wogonja ndiye kuti watuluka mu mpikisano. Unali masana, ndipo ndinasiya dengu kwa mnzanga n'kukalowa m'nyumba yoonetsa mpira ija ili kuseri kwa osintha ndalama. Munadzaza, Amayi, mpweya kuchita kusowa. Ena anachita kuwoloka kuchokera ku Zobue. Pambali panga panakhala Zeka, mwana wa amalume, amene masiku ano akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto pa boda. Domingo atangooneka, Zeka anaimirira n'kudziguguda pachifuwa, amvekere, "Mwamuona ameneyo? Magazi athu amenewo! Mwana wa azakhali anga!" Ine mumtima ndinanyada, sindikubisirani.

Mpira unavuta, osagoletsana. Chakumapeto ndithu, anyamata a kwanu anathira chigoli. Domingo analoza pakati, kuvomereza. Nyumba ija inatsala pang'ono kugwa. Zeka anavula malaya, dalaivala wina wa thiraki amene sindimudziwa n'komwe anandinyamula m'mwamba, ine mayi wa zidzukulu. Tili mkati movina, wina anakuwa kuti, "Taonani, wagwira khutu!" Kuvina kunathera pomwepo. Mwana wanu anali ataima pakati pa bwalo, chala chili kukhutu, akumvera anthu osaoneka aja. Kenaka anajambula bokosi lake lija n'kuthamanga.

Anationetsa ifenso zimene ankaonazo. Mpira usanafike kwa wogoletsa unagunda mnzake chapamwamba apa, pamene phewa limathera ndi pamene mkono umayambira. Amaubweza m'mbuyo, amaupititsa kutsogolo, pang'onopang'ono ngati munthu akusankha mpunga. Domingo anawerama pa kakanema kaja nthawi yaitali, manja ali m'chiuno. Atatembenuka anakana chigoli, akuti mkono. Anyamata aja anafooka, ndipo mpira usanathe anzawo aja anagoletsa. Choncho a kwanu anatuluka.

Chimene chinawawa anthu kwambiri n'chakuti m'chigawo choyamba mpira unagundanso munthu wa timu inayo pamalo omwewo, pafupi ndi golo lawo. Pamenepo khutu la Domingo silinayabwe. A m'kachipinda aja anali kuti? Amamwa tiyi? Zeka anavalanso malaya ake, n'kundiyang'ana. "Msuweni, m'bale wako wadya," anatero, n'kutuluka.

Chiyambire tsiku limenelo pa boda sindikupuma. Ndikauza dalaivala kuti manachesi awa ndi otsekemera, iye amagwira khutu, n'kujambula bokosi m'malere, amvekere, "Dikirani mayi, tikaone kaye pa VAR." Anzake n'kumafa nacho chiseko. Ena sachita nthabwala, amangodutsa dengu langa n'kukagula kwa wina. Ine pagulu ndimamuikira kumbuyo mwana wanu mpaka mawu kusasa. Ndimawauza kuti Domingo sanabepo ngakhale nzimbe ya m'dimba la munthu, ndipo zimenezo ndi zoona. Zoti anadya ndalama ine sindikhulupirira. Chimene ndikumuganizira ine n'choipa kuposa ndalama, ndipo sindinauzepo munthu koma inu.

Mukukumbuka mmene ankatinenera kusukulu kuti ndife ana a othawa nkhondo? Ine ndinkamenya, Domingo ankangowerama. Atapita ku sekondale anabwerako ali Dominiki, ndipo mpaka lero pa kanema amalemba dzina limenelo. Tsiku lija tinapita kukamuona titanyamula mtedza wokazinga, inu mutamuona munafuula m'Chinyungwe ndi chisangalalo, iye anakugwirani mkono msangamsanga n'kupita nanu kuseri kwa nyumba zogona, kuti anzake asamve. Tinabwerera pa minibasi. Titatsika munangoti, "Wakula, wayamba kuyenda mofulumira." Ine ndinaona mmene munapindira nsalu munamangamo mtedza ija, ndipo zinandipweteka.

Tsono mpira uja usanachitike, m'mafoni munali kale manong'onong'o akuti woimbirayu mayi ake ndi a ku Mozambique, akondera. Tereza anandiwerengera. Ngati ine ndinazimva kuno ku Mwanza, iye akanalephera kuzimva? Ndiye ndimadzifunsa kuti, pamene anawerama pa kakanema paja, ankayang'ana mkono wa mnyamata uja, kapena ankafuna poonetsera dziko lonse kuti iye alibe mbali kutsidya? Kachidutswa ka mpirawo kali m'foni ya Tereza, ndipo ndakaonera mpaka mwana kudandaula kuti ndikumuthera moto. Ndikaonera mtima uli pansi, ndimaona mkono. Ndikaonera nditakumbuka za mtedza zija, ndimaona phewa loyera bwino. Makina amene akuti amathetsa mikangano, kwa ine angondiwonjezera.

Sabata yatha Domingo anabwera kudzasiya simenti. Anafika m'mamawa, galimoto anaimika kuseri kwa tchalitchi, ndipo kumtunda ku boda sanapondeko. Waonda, Amayi. Ndinamupatsa madzi, ndinamusiya adye mbatata, kenaka ndinamukhazika pansi pa mtengo uno.

"Chinali chigoli kapena ayi?" ndinamufunsa.

"Ndi maso anga ndinaona chigoli, achemwali, n'chifukwa chake ndinaloza pakati. Koma kanema anaonetsa mkono. Lamulo ndi lamulo."

"Nanga mkono wa m'chigawo choyamba uja?"

"Pamene paja sanandiitane. Ine ndinali kumbuyo kwa osewera, sindinaone."

"Sanakuitane ndani?"

"Anzanga a m'chipinda."

"Anzakowo ali ndi mayina? Amayi awo ndi a kuti? Bwanji iwo sawafufuza kumene anachokera?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso, n'kunena kuti nawonso ndi anthu, amaphonya. Akuti usiku umene uja sanagone, ndipo foni anachita kuzimitsa chifukwa cha kutukwanidwa. Ndinamumvera chisoni, koma funso langa linali lisanathe. Ndinati, "Domingo, tandiyang'ana. Akanakhala kuti agoletsa ndi a timu inayo, mkono umenewo ukanauona?"

Anaweramira pansi monga anachitira pa kakanema paja. Kenaka anati, "Funso limenelo ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Ndikuganiza kuti ndikanauona."

Akuganiza, Amayi. Munthu amene amaimitsa bwalo lonse ndi mpweya umodzi, kwa mlongo wake akuti akuganiza. Mwina ndiye kuona mtima kwakeko, poti wabodza akanalumbira msanga. Mwinanso ayi. Ine pamenepo ndinangosokonekera.

Nditamukumbutsa za amalume anayamba kuzungulira. Akuti tidikire zinthu zizizire, akuti kutsidya anthu akadali ndi mkwiyo, akuti bwanji Zeka angowakweza pa njinga, mafuta alipira iye. Ndinamuuza kuti inu simunanene za njinga ya Zeka. Ndinamuuzanso mawu amene amalume anatumiza. Iwo za mpira alibe nazo ntchito, kanema sangamuone n'komwe, koma ana awo awauza zonse. Akuti, "Ngati mwanayo ali wa mlongo wanga, abwere ndidzamugwire kumaso. Ngati ali wa eni ake ena, mangani chilizacho nokha." Domingo atamva zimenezo anangoimirira n'kukatsitsa simenti.

Koma dzulo waimba foni. Anayamba ndi kufunsa za mwana wa Tereza, za mbuzi, za mvula, ine n'kumangodikira. Kenaka anati, "Achemwali, kodi munthu wamkulu kumene kuja timamupatsa moni bwanji? Ndinaiwala." Ndinamuphunzitsa monga munkatiphunzitsira inu, kuti ukagwade, uwombe m'manja, uziti muli tani. Anabwereza kangapo, lilime likulemera ngati la mzungu, mpaka ndinaseka ndisakufuna. Anafunsanso choti anyamule, ndinati shuga, sopo ndi bulangete, poti amalume akumva kuzizira masiku ano. Tapangana Loweruka likubwerali.

Musafulumire kusangalala, Amayi. Ine ndi mwana wanu, chipumi changa chikadali chokwinya. Munthu ameneyu akhoza kuimba Lachisanu kuti amuitana mwadzidzidzi ku mpira wina, ndipo ndilibe njira yodziwira ngati zili zoona. Ndamuuza kuti sitidzera njira zachidule za m'mapiri, ndiponso sitipita pa galimoto ya magalasi akuda. Tidzadutsa pa boda penipeni dzuwa lili pamutu, wapansi, pamaso pa Zeka, osintha ndalama ndi madalaivala onse ojambula mabokosi aja. Adzamunena, mwina adzamutukwana, ndipo ine ndidzakhala pambali pake. Tikakafika, akadzatchule yekha dzina lake pamaso pa amalume, dzina limene munamupatsa inu.

Pamenepo sipadzakhala wondinong'oneza m'khutu, ndidzaona ndekha ndi maso angawa. Akadzawoloka, ndidzavomera kuti unali mkono, kachidutswa kaja ndidzauza Tereza afufute, ndipo aliyense wonena kuti Domingo anadya adzaona mbali yanga ina. Koma akapanda kubwera, Amayi, ndidzadziwa kuti tsiku lija sanakane chigoli. Anakana inu, dziko lonse likuonera.

Zivute zitani, chiliza chanu chiima mvula isanagwe, ndipo amalume adzakhalapo, ngakhale zitatengera kuti ndiwabereke kumsana kuchokera ku Zobue. Limenelo ndi lonjezo langa. Koma ndikupempha kuti ngati kumeneko mumatha kunong'oneza munthu m'khutu, Lachisanu mudzamunong'oneze mwana wanuyo. Inu ndinu wa m'kachipinda yekhayo amene ndingamukhulupirire.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Rozina