Bwalo la Dothi la Chulu

Ngala,
Nkhotakota.

Wokondedwa mdzukulu wanga Sabrina,

Assalamu alaikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ku Australia kumeneko. Kodi chifuwa chija chinasiya? Kuno tili bwino, Alhamdulillah, kupatula maondo angawa amene amadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Kulemba kwangaku ndi kwa sukulu ya kwacha, tsono uwerenge modekha. Pa foni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndasankha pepala.

Nkhani ndi ya bwalo lathu la tenesi. Amalume ako a Faizal akufuna kulikumba, aumbe njerwa. Akuti dothi lake ndi la chulu, njerwa yake singasweke, ndipo zikombole abwereka kale kwa a Paison. Pa za dothilo sakunama. Ndinalisenza ndine.

Ndinawakaniza. Anandiyankha mwaulemu ndithu, koma anati malo ano ndi a mbumba ya malemu agogo ako aakazi, ine ndinangobwera kudzakwatira. Taona, mano onse athera pamudzi pano, koma ndikadali mkamwini, ndipo wondikumbutsa ndi mwana wobereka ndekha. Sindinakwiye, mwambo wathu ndi umenewo. Ndinangofunsa kuti nanga gawo limeneli silinali la malemu mayi ako? Anati Sabrina akakana ndi pakamwa pake, khasu siligwa.

Tsono usanayankhe umve za mwini luso, chifukwa pamene ndinkakuponyera mpira unali wamng'ono, sindinakuuze zonse.

Anali mzungu wa dziko ulikolo, wokonza mainjini opopa madzi kuminda ya mpunga. Dzina lake linkatipinda lilime, ndiye tinangomutcha Tsabola chifukwa cha nkhope yake dzuwa likamuomba. Anafika kuno ali ndi imvi kale, akutsimphina. Ine ndinali nditangokwatira kumene. Anandipeza ndikusoka ukonde, napempha chidutswa. Ndinamufunsa kuti nsomba yanji imeneyo yogwidwa ndi kaukonde kofika m'chiuno. Anaseka mpaka kutsokomola.

Anandiuza kuti kwawo kunali kumidzi kouma, bambo ake ankaweta nkhosa. Kapinga kunalibe, choncho ankagumula zulu, kusinja dothilo, kuthira madzi, kutsendera mpaka liume gwa. Tenesi anaphunzirira pamenepo, ndi thabwa losema yekha. Atakula anagonjetsa anyamata a m'tauni ovala zoyera, anatenga chikho cha chigawo chawo, mpaka anakwera sitima ya pamadzi kukasewera ku Mangalande. Kenako kunabwera nkhondo, inamudya bondo. Ankati masiku amenewo wopambana ankangopatsidwa chikho ndi kugwiridwa chanza, basi. N'chifukwa chake anaphunzira za mainjini.

Atanena kuti timange bwalo lotere kuno, apongozi anga anatilozera pathengo, akuseka kuti mkamwini wawo wapeza munda wosadzala kanthu. Tinagumula chulu, ine kusenza, iye kuyeza ndi chingwe. Mizere ndinalemba ndi ufa wa kondowole poti ndi woyera bwino. Nkhuku za mudzi wonse zinadya bwalolo tsiku lomwelo, ndipo apongozi sanandilankhule mpaka ufa wina utauma. Tinasinthira phulusa.

Poti anali wotsimphina, sankathamanga, ankathamangitsa ine. Ankati pa dothi lotere mpira umabwerera kwa iwe kambirimbiri, ndiye wosapirira amaluza asanatope n'komwe. Pa kanema amene a Paison anandionetsa pa foni, ndinakuona ukubweza mpira mpaka mnzako uja anagwira m'chiuno. Ndinati limenelo ndi dzanja la Tsabola, langodutsira mwa ine. Iyeyo anabwerera kwawo atadwala, sitinamvenso za iye. Chimene anasiya kuno ndi bwalo lokhalo.

Amalume ako si munthu woipa. Nyumba yawo ikudontha, ndipo akufuna kuotcha njerwa mvula isanagwe. Kuseri kwa mango a kudambo kuli chulu china chachikulu. Ndi kutali, dothi lake n'losasinja, ntchito ichuluka, koma njerwa idzakhala yomweyo. Ndidzawaperekeza ndekha.

Akuti ayamba kukumba Loweruka likubwerali. Uwaimbire lisanafike. Uyambe ndi moni wonse, ufunse za azakhali ako ndi ana, usathamangire Chingerezi. Kenako unene mawu ako poyera, poti malowo ndi ako.

Ukati likumbidwe, khasu loyamba ndigwetsa ndine, lisagwetsedwe ndi munthu wosalidziwa. Koma ndakulera ndine, ndikukudziwa. Pali kamtsikana ka a Kalilu, Bushra, kamanzere, kamene kayamba kundithamangitsa monga unkachitira iwe. Ndakauza kabwere Loweruka m'mawa, tidzasewere.

Upereke moni kwa aphunzitsi ako ndi kwa banja limene likukusunga. Mulungu akutchinjirize, akulimbitse mkono ndi mtima. Insha Allah tidzaonana ndi maso.

Ndine agogo ako,
Fakiri