Mtengo Uli Kutsidya kwa Mlatho

Lolemba, 3 Malichi

Mlandu wayamba. Miyezi inayi chimwalirireni bambo a ana. Ndinakhala benchi yachiwiri ndi alamu anga. Mwini galimoto yomwe inawagunda anabwera m'suti yotuwa, nsapato zonyezimira ngati akupita kuukwati. Sindinalire. Alamu analira m'malo mwanga, mokweza, mpaka anawatulutsa panja.

Lachiwiri, 4 Malichi

Wapolisi wina wa imvi wapereka umboni. Akuti anaimitsa galimotoyo pamtengo waukulu wa m'mbali mwa msewu chifukwa nyale imodzi inali yosweka, asakudziwa kuti yangogunda munthu wa panjinga. Fungo la mowa. Anamupumitsa mwini galimotoyo m'kachipangizo koyezera mowa, n'kumumanga pomwepo. Ngoziyo palibe anaiona, ndiye umboni wathu ndi womwewo basi.

Sopo watha. Wamng'ono akutsokomolabe.

Lachinayi, 6 Malichi

Loya wa bambo wa sutiyo wabwera ndi mapu. Kani malire a apolisi anasintha chaka chatha. Dera la wapolisi wathu tsopano limathera pamlatho, mtengo uja uli kutsidya, m'dera la anzawo. Akuti kumeneko analibe mphamvu zoimitsa munthu, nanji kumumanga.

Wapolisiyo anayankha chamunsi: "Zaka makumi awiri ndakhala ndikuima pamtengo umenewo. Pamlatho palibe mthunzi." Anthu anaseka. Ine ndimangoyang'ana fani ikuzungulira kudenga.

Lachitatu, 19 Malichi

Umboni wa mowa autaya. Mlandu watha, munthu wapita kwawo. Alamu akuti tichite apilo, amalume akuti tisiye m'manja mwa Mulungu. Onse ndawayankha kuti chabwino. Ndachapa mayunifolomu a ana ndi madzi okhaokha. Ndadya, ndipo chakudya chinalowa bwinobwino. Zandichititsa manyazi.

Lamlungu, 23 Malichi

Wapolisi uja anabwera kuno, wopanda yunifolomu. Amuimitsa ntchito. Anakana mpando, anakhala pansi pakhonde. "Mayi, kalata ya malire atsopano inafika. Ndinaiika mudirowa osaiwerenga." Ndinamupatsa madzi. Ndimafunitsitsa kumuda munthuyu, koma m'mtima muli zii. Pochoka anaiwala chipewa, ndipo sindinamuitane.

Loweruka, 29 Malichi

Ndinapita kukaona ndekha. Kuchokera pamlatho kukafika pamtengo, mapazi makumi asanu ndi limodzi ndi awiri. Ndinawerenga kawiri, mwina ndalakwitsa. Mthunzi wake ndi wabwinodi, ndinakhalapo kanthawi.

Lachiwiri, 1 Epulo

Mvula pobwera kuntchito. Mabasi odzaza, ndinangoyamba kuyenda. Galimoto inaima pambali panga, galasi n'kutsika. Bambo wa suti uja. "Mayi, mukunyowa, kwerani." Sanandizindikire. Masiku onse aja m'khoti sanacheukeko n'kamodzi komwe.

Ndinakwera. Sindikudziwa chifukwa chake. Mpando wakutsogolo, wofewa, wailesi ikuimba chapansipansi. Amayendetsa bwino, pang'onopang'ono, manja onse pachiwongolero. Munthu waulemu wake. Anafunsa za ana, ndinati atatu. Anafunsa kuti abambo akunyumba ndi ndani, mwina amawadziwa, poti iye dera lino amadziwana ndi anthu ambiri.

Ndinatchula dzina lawo lonse, momveka bwino.

Anaganiza kaye, akugwedeza mutu. "Ayi, amenewo sindiwadziwa."